Kuwerenga Nyimbo Musanaisakanize: Mafunso ndi Mayankho kwa Ma DJ Ongoyamba Kumene

Mu Lilongwe muno Loweruka silidutsa popanda ukwati, chinkhoswe kapena phwando, ndipo paliponse pamafunika munthu wa laputopu ndi masipika. Achinyamata ambiri ku Kawale, Area 25, Chilinde ndi Likuni aphunzira ntchitoyi paokha, ndi Virtual DJ komanso nyimbo za pa fulashi. Mabatani amawadziwa ndithu. Chomwe chimawasowa ndi kumva momwe nyimbo inamangidwira, ndipo mafunso awa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza.

Pulogalamu yanga ili ndi batani la sync. Ndivutikirenji kuphunzira kuwerenga?

Sync imafananitsa liwiro la nyimbo ziwiri n'kuika kugunda kwa ina pamwamba pa kugunda kwa inzake, basi. Siidziwa kuti woimba ali pakati pa chiganizo. Siidziwanso kuti kolasi yomwe anthu akhala akuidikira yatsala pang'ono kufika. Nyimbo ziwiri zikhoza kumagunda pamodzi bwinobwino koma anthu m'bwalo n'kuima, kumakuyang'anani, osadziwa chomwe chawasokoneza. Chawasokoneza n'chakuti nyimbo yatsopano yalowa pakati pa chigawo, mapazi awo asanamalize zomwe anayamba.

Sindikukuletsani sync. Kufananitsa liwiro ndi khutu kunayamba kalekale, pamene Francis Grasso ankachita zimenezi ndi zimbale m'makalabu a ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ngati makina akupeputsa ntchito imeneyi palibe tchimo. Koma mpata womwe sync yakupatsani muugwiritse ntchito powerenga, osati poyankha mauthenga a pa WhatsApp.

Ndiye ndiziwerenga chiyani kwenikweni?

Yambani ndi biti, komwe ndi kugunda kuja phazi lanu limaponda nako pansi nyimbo ikamalira. Mabiti 4 amapanga bar imodzi: 1, 2, 3, 4. Nyimbo zambiri zovina, kaya ndi house, amapiano, afrobeats, hip hop kapena dancehall, zimayenda chonchi. Ma bar nawonso amayenda m'magulu, kawirikawiri 8, 16 kapena 32, ndipo gulu lotere ma DJ amalitcha phrase.

Powerenga, nambala yoyambirira ndiyo imasintha: 1-2-3-4, 2-2-3-4, 3-2-3-4, mpaka 8-2-3-4, kenako mwabwereranso pa wani. Tcherani khutu pa wani wobwererayo, chifukwa pamenepo china chake chimachitika: besi imalowa, woimba amayamba vesi, chisekese chimawonjezeka, kapena ng'oma zonse zimangoti zii. Opanga nyimbo pa kompyuta amayala zidutswa zawo m'mabokosi a ma bar 4 ndi 8, n'chifukwa chake kusintha kumagwera pomwepo nthawi zambiri.

Amene munaperekezapo akwati izi mukuzidziwa kale. Wophunzitsa masitepe amawerenga mpaka 8 n'kuyambiranso. Amenewo ndi ma bar 2, ndipo akabwereza kanayi phrase ya ma bar 8 yatha. Ntchito yanu yaikulu ndi yakuti wani wa nyimbo yolowa agwere pa wani wa phrase yatsopano ya nyimbo yomwe ikulira. Mukatero nyimbo ziwirizo zimasintha nthawi imodzi, ina ikamatsitsa zida inayo ikuwonjezera, ndipo wovina samva n'komwe kuti mwachita kanthu.

Wani ameneyu ndimamutaya. Ndimupeze bwanji?

Musamusake pa ng'oma yaikulu yokha. Mu house ng'oma imeneyi imagunda mabiti onse anayi mofanana, ndiye siingakuuzeni kuti woyamba ndi uti. Mverani kuwomba m'manja kapena snare (ng'oma yaing'ono yolira mokuthwa), komwe nthawi zambiri kumagwera pa 2 ndi pa 4. Apo mwatsala ndi malo awiri, 1 kapena 3. Kuti musiyanitse, mverani pomwe besi kapena kiyibodi ikusinthira mawu, komanso pomwe ng'oma zikugubuduzika kenako chitsulo n'kulira kuti tswaa. Chitsulocho chimagwera pa wani.

Woimba ndiye amanamiza anthu ambiri. Kawirikawiri amayamba mawu awiri kapena atatu wani asanafike, ndiye mukaika cue, chizindikiro cha pomwe nyimbo iziyambira, pa liwu lake loyamba, nyimbo yonse ilowa mochedwa. Chinanso, nyimbo zoyenda m'mafoni zimabwera ndi kachete koyambirira kapena mawu a wotsatsa malonda, ndipo pulogalamu imaika mzere woyamba wa mizere yake yosonyeza mabiti pamalo olakwika. Nyimbo iliyonse yatsopano muitsegule kunyumba, musunthe mzerewo ufike pa kugunda koyamba kwenikweni, muikepo cue.

BPM ndi chiyani, ndipo nyimbo zomwe timaika kuno zili pa manambala ati?

Ndi chiwerengero cha mabiti pa mphindi imodzi. Popanda makina, werengani mabiti kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4. Hip hop yachikale imakhala cha pakati pa 85 ndi 100, dancehall cha pa 90 mpaka 105, afrobeats yambiri pakati pa 95 ndi 115, amapiano pa 110 mpaka 115, ndipo house pa 120 mpaka 128. Awa si malire okhwima, koma akuthandizani kusanja mafoda.

Nambalayi ili ndi phindu lina lomwe ambiri saliona: imakuuzani nthawi. Pa 120 BPM biti imodzi ndi theka la sekondi, bar ndi masekondi 2, ma bar 8 ndi masekondi 16, ndipo ma bar 32 ndi masekondi 64. Pa 112 ma bar 8 amatenga masekondi 17 ndi kakusefukira. Choncho mukaona kuti nyimbo ya house yatsala ndi mphindi imodzi, dziwani kuti muli ndi ma bar pafupifupi 32 oti mulowetsere ina.

Pitch ndingaikoke mpaka pati nyimbo isanawonongeke?

Makina a zimbale a Technics SL-1200MK2, omwe anatuluka mu 1979, ankalola pitch, chosinthira liwiro la nyimbo, kukwera kapena kutsika ndi 8 peresenti, ndipo ma DJ anagwira nawo ntchito zaka zambirimbiri osadandaula. Ma CDJ, makina oseweretsera nyimbo a kampani ya Pioneer, amakupatsani 6, 10, 16 ngakhalenso kupitirira. Koma kukweza liwiro ndi 6 peresenti kumakweza mawu a woimba ndi pafupifupi noti yotsatira pa kiyibodi, ndipo mukapitirira apo bambo wa mawu aakulu amayamba kumveka ngati mwana. Batani la key lock, lomwe Pioneer amalitcha Master Tempo, limasunga mawu pamalo ake, komabe mukakoka kwambiri besi imanjenjemera.

Kuchoka pa 100 kufika pa 112 ndi 12 peresenti, ndipo kumeneko n'kutali. Kwezani pang'onopang'ono podutsa nyimbo zitatu kapena zinayi, kapena zikumanitseni pakati, ina muikweze ina muitsitse. Zikakanika, dulani pa wani. Kudula koyera kuposa kusakaniza kokakamiza.

Nyimbo yatsopano ndiilowetse pati, ndipo yakale ndiichotse pati?

Zimatengera kuti nyimboyo inapangidwira wailesi kapena bwalo lovinira. Ya bwalo imayamba ndi ng'oma zokha kwa ma bar 16 kapena 32, imamanga pang'onopang'ono, imatsitsa zida pa break, imagwetsa zonse pa drop, n'kudzatha ndi ng'oma zokhanso. Kamangidwe kameneka kanakhwima m'zaka za m'ma 1970 ku New York, pamene anthu ngati Tom Moulton anayamba kutalikitsa nyimbo pa zimbale za mainchesi 12 kuti ma DJ akhale ndi pogwira. Pa nyimbo zotere ntchito ndi yopepuka: mathero a ina mumawaika pamwamba pa chiyambi cha inzake.

Nyimbo zambiri za oimba athu zinapangidwira wailesi. Intro imakhala ma bar 4 kapena 8, ndipo m'menemonso muli dzina la situdiyo ndi woimba akudzitchula, kenako vesi, kolasi, vesi lachiwiri, kolasi, mpaka kumapeto. Pogwira ndi pochepa. Apa ndi pomwe loop imathandiza: gwirani ma bar 4 opanda mawu, muwazungulitse pansi pa kolasi yomaliza ya nyimbo yomwe ikulira, kolasiyo ikangotha masulani. DJ Kool Herc ankachita zofananazo mu 1973 ku Bronx pogwiritsa ntchito zimbale ziwiri za nyimbo imodzi kuti atalikitse chigawo cha ng'oma. Inu muli ndi batani.

Pali zinthu ziwiri zoti musachite. Oimba awiri asalankhulire pamodzi. Ndipo kolasi musaidule pakati, makamaka ya nyimbo yomwe anthu akuimba nawo. Anthu a ku Lilongwe akaikonda nyimbo amaiimba ndi mtima wonse, manja m'mwamba, ndipo mukawalanda pakamwa sakukhululukirani msanga.

Ndikasakaniza amapiano masipika amangoti phwaphwapha. Ndikulakwitsa chiyani?

Mukulowetsa mabesi awiri nthawi imodzi. Amapiano anabadwira m'makomboni a m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, ndipo mtima wake ndi log drum, besi yogunda ngati ng'oma yomwe imadzaza malo onse a pansi. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi minsi siilowa pamodzi, wina ukatsika wina wakwera. Besi nayo ndi chimodzimodzi. Nyimbo yolowa ibwere batani la low, lomwe limalamulira besi, mutalitsitsa. Pa wani wa phrase yatsopano tsitsani low ya yakale, n'kukweza ya yatsopano, dzanja lina uku lina uku.

Ubwino wa amapiano ndi wakuti amakupatsani nthawi. Chiyambi chake chimakhala chachitali, cha chisekese ndi ting'oma tating'ono, ndipo log drum imachedwa kufika. Chiyambicho chiyende pansi pa nyimbo yakale kwa ma bar 16 kapena 32, ndipo muwerengere kuti log drum yatsopano ifike pomwe yakale ikupuma. Kungolumphira pa drop nyimbo iliyonse kumatopetsa anthu, chifukwa drop imakoma ukaidikira.

Nanga bwanji nyimbo za chikhalidwe chathu zimakana kugwirizana ndi zina, ngakhale BPM ikhale yofanana?

Funso ili ndi lomwe maphunziro ambiri a pa YouTube sangakuyankheni, chifukwa anakonzedwera house ndi hip hop. Nkhani ili m'kati mwa biti. Ikani nyimbo ya house, pondani phazi, ndipo pakati pa kuponda kumodzi ndi kwina muwerenge timagunda tating'ono ta chisekese. Mupeza tiwiri kapena tinayi. Tsopano ikani manganje, kapena nyimbo yauzimu ya kwaya yotsatira ng'oma za kwathu. Kawirikawiri mupeza titatu: ta-ta-ta, ta-ta-ta. Oimba ophunzira amalemba kayendedwe kameneka kuti 6/8 kapena 12/8, ndipo kali m'magule ambiri a m'dera lino la Africa.

Ndiye mukaika nyimbo ya titatu pamwamba pa ya tinayi, ng'oma zazikulu zikhoza kugwera pamodzi koma zisekese, magitala ndi ting'oma tonse timakangana. Palibe batani lokonza zimenezi.

Pulogalamu nayo imasokonezeka. Mu bar imodzi ya nyimbo yotere muli timagunda 12, ndipo 12 amagawika m'njira zingapo: magulu 4 a titatu, magulu 6 a tiwiri, kapena magulu 3 a tinayi. Woimba ng'oma wa kwathu amasewera ndi magawidwe onsewa nthawi imodzi, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Makina amangosankha amodzi. N'chifukwa chake nyimbo yomwe mapazi akuiponda pa 120 mukhoza kuiona italembedwa 180 kapena 90. Musakhulupirire nambalayo. Gwiritsani ntchito batani la tap, mugogode motsatira mapazi a ovina kapena m'manja mwa amayi, osati motsatira ng'oma yomwe ikudzionetsera.

Pa bwalo chitani chonchi. Nyimbo za titatu muziike pamodzi, zisanu kapena zisanu ndi imodzi motsatizana, chifukwa zokhazokha zimalowana bwino kwambiri. Pochoka kwa izo kupita ku afrobeats kapena amapiano, wolokerani pamalo pomwe ng'oma zakhala chete, kapena pomwe a MC akulankhula, kapena ingodulani pa wani. Ngati mukufuna kuziphatikiza ndithu, zisapitirire ma bar 2 kapena 4, ndipo high ndi mid (mawu a pamwamba ndi a pakati) ya nyimbo yotuluka muzitsitse kuti patsale ng'oma yaikulu yokha. Ine ndimaona kuti DJ wodziwa kuwoloka apa ndi amene amaitanidwanso, chifukwa pa ukwati wa kwathu nyimbo zimenezi ndi zomwe zimadzutsa azakhali ndi amalume pa mipando.

Reggae imodzimodziyo pulogalamu ina ikuti 75, ina ikuti 150. Yolondola ndi iti?

Zonse ziwiri. Mu kayendedwe ka one drop, mukawerenga mofulumira pa 150, ng'oma yaikulu ndi snare zimagwera pamodzi pa 3, gitala imadula pa 2 ndi pa 4, ndipo pa wani sipagunda ng'oma yaikulu. Mukawerenga pang'onopang'ono pa 75, kugunda komweko kumagwera pa 2 ndi pa 4. Msampha ndi wakuti khutu losazolowera limatenga kugundako ngati wani, ndiye nyimbo yolowa imatsalira kapena kutsogola. Sankhani kawerengedwe kamodzi ndipo foda yonse ya reggae, ya ku Jamaica ndi ya ku Balaka yomwe, muisinthe itsate kameneko. Wophunzira ayambe ndi ma riddim, pomwe oimba angapo amaimba pa biti imodzi. Liwiro ndi limodzi, ma bar ndi ofanana, chatsala ndi kuwerenga basi.

Nyimbo zakale za mabandi ndi rhumba zimathawa mizere. Nditani?

Zinaimbidwa ndi anthu, osati makina. Woimba ng'oma amafulumira pang'ono kolasi ikafika, n'kubwerera pa vesi, ndiye mizere yomwe inali bwino poyamba imapezeka yasemphana pakati. Sync apa ilibe ntchito. Sakanizani mwachidule, ma bar 4 akwana, dzanja lili pa jog, gudumu la pa makina a DJ, kukankha kapena kubweza pang'ono.

Rhumba ya ku Congo ili ndi nkhani yakeyake. Nyimbo zambiri zimayamba ndi chigawo choimba modekha, kenako zimasintha n'kulowa mu sebene, pomwe magitala amathamanga ndipo ovina amamasuka. Akuluakulu okonda rhumba amadikira sebeneyo. Mukaichotsa nyimbo isanafike pamenepo mwawalakwira. Ngati nthawi yachepa, ikani cue poyambira sebene n'kuyambira pomwepo.

Pa perekaniperekani a MC amandidula nthawi iliyonse. Kuwerenga kuli ndi ntchito pamenepo?

Kuli ndi ntchito kuposa ku kalabu. Pa perekaniperekani wolamula ndi a MC, ndipo cholinga ndi chakuti anthu adzuke, avine, asupe. Aitana akuchikazi, kenako akuchimuna, anzake a mkwati a kuntchito, a kumpingo, aneba, ndipo gulu lililonse lili ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Intro ilibe malo apa. Nyimbo iliyonse ikhale ndi hot cue, batani lolumphira pamalo omwe mwasankha, pa wani wa kolasi, kuti a MC akangomaliza kuitana, chigawo chomwe anthu amachidziwa chigwe nthawi yomweyo.

Mwambo usanayambe kambiranani ndi a MC za chizindikiro. Akakweza dzanja, inu mumalize bar yomwe ili m'kati n'kutseka pa wani wotsatira. Pa liwiro la nyimbo zathu kudikira kumeneko ndi masekondi awiri kapena atatu, a MC sangadandaule, koma kusiyana kwake kumamveka holo yonse. Akamalankhula mwachidule musazimitse, ingotsitsani voliyumu, biti izipitirira pansi kuti mapazi asazizire. Ndipo mukaona kuti ndalama zikugwabe m'lichero kolasi ikutha, itsekereni mu loop ya ma bar 8. Eni ukwati adzakuthokozani powerengera.

Polowa akwati samalani kwambiri. Operekeza akhala akuyeserera masitepe milungu ingapo pa mix imodzi, ndipo matupi awo analoweza liwiro lake ndi pomwe nyimbo zikusinthira. Tengani fayilo yomweyo yomwe ankayeserera, pitch ikhale pa 0, ndipo luso lanu mulisunge kaye.

Nanga za key ndi manambala ngati 8A?

Key ndi gulu la manoti lomwe nyimbo yakhazikikapo, ndipo manambalawo ndi njira ya Camelot yolembera ma key. Manambala ndi 1 mpaka 12, chilembo A chikuimira minor ndipo B chikuimira major. 8A ndi A minor, 8B ndi C major. Nyimbo ya 8A imamvana ndi ya 7A, 9A kapena 8B. Zimathandiza mukamaphatikiza nyimbo ziwiri kwa nthawi yaitali, monga mu house ndi amapiano, koma ngati mukulowetsa pa ng'oma zokha kapena mukudula, key ilibe vuto. Muiphunzire pomaliza. Sindinaonepo munthu akuchoka m'bwalo chifukwa DJ wachoka pa 8A kupita pa 3B, koma chifukwa cha wani wotayika amachoka.

Mu hedifoni zikugwirizana, koma m'holo zikumveka ngati mahatchi akuthamanga. Vuto ndi makina?

Kawirikawiri vuto ndi mtunda. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye sipika yomwe ili mamita 34 kuchokera pomwe mwaima mumaimva mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Pa 120 BPM kumeneko ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a biti, kokwanira kukunamizani. Onjezerani maholo athu a makoma a simenti ndi denga la malata, momwe mawu amagunda khoma n'kubwerera. Mukafananitsa hedifoni ndi zomwe zikubwera kuchokera kutali, mukonza chinthu chomwe sichinalakwike. Ikani sipika yaing'ono pafupi ndi inu, kapena mverani nyimbo zonse ziwiri mu hedifoni. Mahedifoni a Bluetooth asiyeni kunyumba, amachedwetsa mawu.

Ndiziyeserera bwanji ndilibe controller, chida cha mabatani cholumikiza ku laputopu?

Kuwerenga sikufuna zida. Mu minibasi yochoka ku Area 25 kupita m'tauni muli nyimbo ulendo wonse: pezani wani, werengani ma bar 8, muone ngati mwalosera bwino pomwe vesi kapena kolasi ilowere. Mukayamba kulosera molondola nyimbo yomwe simunaimvepo, mwafika penapake.

Pa laputopu, sankhani nyimbo ziwiri za liwiro loyandikana, phimbani manambala ndi mizere ndi kapepala, zimitsani sync, muzifananitse ndi khutu. Jambulani zomwe mwachita ndipo mudzazimvere mawa lake, chifukwa pa nthawi yomwe mukusakaniza khutu limakukonderani. Nyimbo zomwe mumaika kawirikawiri muzilembe m'kope: intro ma bar angati, kolasi ikuyamba pa sekondi iti, ndi ya titatu kapena ya tinayi.

Ofuna kuphunzira nyimbo mozama akhoza kukafunsa ku Music Crossroads ku Area 23, komwe achinyamata amaphunzira zida ndi kawerengedwe ka nyimbo. Koma za titatu zija mphunzitsi wake ali pafupi: pitani pomwe kwaya ya kumpingo kwanu ikuyeserera, khalani pafupi ndi woimba ng'oma, mumupemphe akuonetseni pomwe iye amaponda phazi pamene manja akuchita zina.